Loko wa Bokosi la a Ministiro

Loko wothyokayo anamasulidwira pansi pa mtengo wa mango pa Cassacatiza, pamene Timóteo amakonzerapo njinga zamoto, zimene kuno timangoti mota. Ajenti Aurora, wapolisi wa pamalopo, anaima pambali atapinda manja. Sanabwere kudzaonera luso la Timóteo ayi. Ankafuna loko wakaleyo kuti apite ku boma ngati umboni, pamodzi ndi munthu amene anali atamutsekera kale m'chitokosi.

Nkhani yake inali yotere. Valentim anali mtumiki wa Ukaristia, a ministiro monga anthu amanenera. Dzulo lake anachoka ku mishoni atanyamula kachikho kagolide kokhala ndi chivundikiro, mmene a Padiri, ansembe a pamishonipo, anaikamo Ukaristia wopita kwa odwala a ku Nsadzo. Anakatsekera m'bokosi la kumbuyo kwa mota, n'kupatukira kumudzi kwa mkazi wake, kumene amakhala pa chikamwini, kuti akaphe ludzu. Posakhalitsa mudzi wonse unamva kukuwa: loko waphwanyidwa, kachikho mulibe!

Anthu sanavutike kufunafuna wakuba. M'mudzimo munali mlendo mmodzi yekha, Zakariya, mwana wa mkazi wachiwiri wa a Marcelino, apongozi aamuna a Valentim. Anabwera kudzadwazika bambo akewo, amene matenda anali atawagoneka pamphasa. Anamugwira n'kumuthidzimula, ndipo Aurora atafika anachita kumulanditsa. Galimoto ya ku boma inali kubwera madzulo a tsiku lotsatira kudzamutenga, pakuti kuba zinthu za pa guwa si mlandu wothera pabwalo la m'mudzi.

Zakariya sanakane, sanavomere. Ankangoyang'ana pansi, diso lina litatupa. Kwa Aurora kumeneko kunali kuvomera kokwanira, ndipo anagona tulo tabwino.

"Maloko a mabokosi awa ndi zidole, mayi shefi," anatero Timóteo, munthu wokulira ku Zambia amene pakamwa pake sipankapuma. "Taonani. Kunja kuno kuli kabowo ka kiyi. Mkatimu muli nati imodzi, ndi kambedza aka kamene kamakola chitsulo cha ku chivundikiro. Basi, kwatha! Opanga zimenezi amaganiza kuti dziko lonse ndi la akhristu."

Valentim anali atakhala pa chitsa, atakumbatira chipewa chake cha pa mota. Sanaseke.

Timóteo anamasula nati ija, n'kugogoda pang'ono ndi chigwiriro cha sikuludiraiva. Loko anagwera m'dzanja mwake, ndipo anamupereka kwa Aurora ndi manja awiri ngati nsembe.

Aurora anamutembenuza. Kumaso kwake kunali kotswanyika ndithu, mwala unagwira ntchito. Koma kambedza kaja kanali kowongoka bwinobwino ngati kochokera m'sitolo. Anawerama n'kusuzumira ku chivundikiro. Chitsulo chokolapo chinalibe ngakhale pokandika. Koma pa mlomo wa bokosi, mbali ya mkati, panali zipsera za mwala, dothi lofiira litamatirira.

M'zaka zake za upolisi anali ataonapo maloko ambiri othyoledwa, ndipo onse ankatuluka atapindika ngati mchira wa nkhumba.

"A Timóteo, munthu akakanula bokosi lotseka, kambedza aka kangatsale kowongoka chonchi?"

"Aaa, kapindike basi. Mwina chitsulocho chizuke."

"Nanga mwala ungamenye bwanji mkati mwa bokosi lotseka?"

Timóteo anayasama kuti ayankhe, n'kuyang'ana Valentim, n'kutsekanso pakamwa. Chiyambire m'mawa, aka kanali koyamba kuti mbalame za mumtengo zimveke.

"A ministiro," anatero Aurora, "kiyi amakhala kuti?"

"Pakhosi panga pano, pamodzi ndi kolona. Sachokapo."

"Ndibwerezereni zadzulo."

"Monga ndinanenera, mayi. Ndinatseka bokosi, ndinalowa m'nyumba kukamwa thobwa, potuluka ndinapeza zoipazo. Mulungu ndiye mboni yanga."

Timóteo anatulutsa loko watsopano m'kathumba ka pulasitiki. Bowo linali litakula ndi mwala uja, motero anadula kachidutswa ka chubu chakale n'kutsamiritsa, kenako analowetsa loko, kumanga nati, n'kutseka chivundikiro. Kambedza kanalira kuti khethe. Anayesa kawiri konse, n'kupereka makiyi kwa mwini wake. Valentim anagwetsa makiyiwo m'fumbi, ndipo anawafunafuna pamalo pamene panalibe.

Aurora anaponya loko wakale m'thumba la malaya ake.

"Lizani mota, a ministiro. Mundikweze. Ndikufuna ndikaone pamene inaima dzulo."

* * *

Anapeza Zélia, mkazi wa Valentim, akutonola chimanga pakhonde. Aurora anauza mwamunayo kuti adikire pa mota, iye n'kukakhala pamphasa, kutenga chisononkho chimodzi n'kuyamba kuthandiza.

"Achimwene anu tikuwatumiza ku boma lero," anayamba motero.

"Achimwene a ndani? Ameneyo si mchimwene wanga ine. Ndi mwana wa bambo, inde, koma wa kwa mkazi uja anamutola ku Zambia nthawi ya nkhondo. Chifukwa cha mayi ake, bambo anawaimitsa kulandira Ukaristia. Zaka zonsezi amangokhala kumbuyo m'tchalitchi ngati mlendo, anzawo akupita kutsogolo. Lero mwanayo wabwera kudzatibera Ambuye amene. Apite, akaone zakuda!"

"Amuna anu thobwa anamwera m'nyumba?"

"M'nyumba muti? Anali pa changu. Ndinawaperekera panja pomwepo, pa mota."

Aurora anapitiriza kutonola, osadzutsa mutu.

"Anayandikira mota ndani?"

"Palibe."

"Ngakhale mmodzi?"

"Ndati palibe munthu. Amayi okha ndi amene anadutsa, kudzapempha mchere. Ine ndinalowa m'khitchini kukawatapira, potuluka n'kupeza abwerera kale, mwina bambo anawaitana."

"Nthawi imeneyo amuna anu anali pati?"

Zélia anasiya chimanga n'kumuyang'ana ngati wafunsa ngati nkhuku imayamwitsa.

"Funso lanji limenelo, ngati si inu wa konkuno? Mkamwini angaime maso ndi maso ndi apongozi ake? Atangowaona akutulukira, anathawira kuseri kwa nkhokwe uko, thobwa n'kutayika. Chikwatiranireni ife, awiriwo sanayankhulanepo. Amuna anga ndi aulemu, si za masiku ano izi."

"Kugogoda munakumva?"

"Ndinakumva, amayi atapita kale. Ndinkati akukonza mota, poti amaigogoda tsiku ndi tsiku."

"Nanga Zakariya anali kuti?"

"Uko, pakhomo pa bambo, akuyanika bulangete. Koma wakuba ndi wakuba, ali ndi mankhwala ake."

Nkhope ya Aurora inatentha. Iye, mwana wa konkuno ku Mualadzi, amene mlamu wake anagwerapo m'dzenje la zinyalala pothawa apongozi ake, analemba dzulo kuti "palibe anayandikira" osafunsa funso limene mwana aliyense wa kuno akanafunsa. M'mudzi mwa eni, mayi wa pakhomo sawerengedwa ngati munthu wodutsa. Mlendo ndiye amaoneka, ngakhale ali patali akuyanika bulangete.

Anaimirira n'kudzisansa. Zélia anali atasiya kutonola, maso ali pa nyumba ya mayi ake.

* * *

"Imani pamene munaima dzulo, a ministiro."

Valentim anazungulira nkhokwe ngati mbuzi yopita kokaphedwa. Aurora anaima pambali pake. Pakati pa nkhokwe ndi khola la nkhunda panali mpata, ndipo mota inkaoneka yonse, bokosi ndi loko watsopano akunyezimira padzuwa.

"Pakuoneka bwino pano," anatero Aurora.

Valentim anakhala pansi m'dothi momwemo, munthu wovala malaya oyera ositidwa.

"Kiyi anali pa loko," anatero motsitsa. "Ndinali nditatsegula kuti nditenge buku la mapemphero. Atatulukira, ndinangothawa monga mwa masiku onse."

"Munaona chiyani?"

"Anagwada. Anachita chizindikiro cha mtanda. Kachikho anakanyamula ndi nsonga ya nsalu yawo, osakakhudza ndi dzanja."

"Bwanji osawaletsa?"

"Ndiwakuwe apongozi anga? Nditi, mayi bwezani? Sindikanatha, mayi ajenti. Sindidziwa n'komwe mmene mawu anga amamvekera m'makutu mwawo."

"Mukanatuma akazi anu."

"Kuti ndimuuze Zélia kuti mayi ake aba? Ndimadya za m'munda mwawo. Nyumba ndinamanga pa malo awo, ana anga ndi a mtundu wawo. Nanga kwa a Padiri ndikanakanena kuti chiyani, kuti ndinasiya Ambuye pa bokosi lotsegula n'kukabisala kuseri kwa nkhokwe? Ndinaganiza kuti, akhale wakuba wosadziwika, wodutsa mumsewu wa ku malire. Wotero sagwidwa, nkhani imazilala yokha. Ndinatola mwala. Za Zakariya sizinandibwerere m'mutu, ndikulumbira. Pamene ankamugwira n'kuti nditakuwa kale."

"Ndipo munaima n'kumaonerera."

"Ndinaima."

Aurora anafuna kumulalatira, koma anadziletsa. Amene anaonerera anali uyu, koma amene anatembenuza kiyi wa chitokosi anali iye. Khoswe wa patsindwi anali ataulula wa padzala, ndipo pa makoswe onsewo iye sanali wamng'ono.

"Tiyeni kwa apongozi anu."

"Sindingalowe m'nyumba imeneyo."

"Mukaima panja. Khoma lili ndi makutu."

* * *

M'nyumba ya a Feliciana, mayi ake a Zélia, munali fungo la matenda ndi sopo. A Marcelino anali gone pamphasa, mafupa okhaokha, mpweya ukulira pakhosi. Bulangete limene anafunda linali loyera bwino. A Feliciana, mayi wamkulu wa gulu la amayi a pa tchalitchi, anali atakhala chakumutu, ndipo ataona yunifolomu sanadzidzimuke. Anangoloza kuseri kwa nsalu yotchinga.

Kachikho kanali pa dengu lovundikira, atakafunditsa mpango woyera. Pambali pake panali kandulo yotsala pang'ono kutha.

"Sindinatsegule," anatero a Feliciana, akuyang'ana kukhoma. "Mukawerenge ngati mufuna."

"Munatengeranji, amayi?"

"Anandipempha awa. Anati, Feliciana, kodi ndipita ndi njala? Tsiku ndi tsiku mawu omwewo. Mota ya akamwini imadutsa pakhomo pano kupititsa Ambuye kwa odwala a eni, awa akungoimva kulira. Dzulo ndinapeza bokosi lili yasa. Ndinatenga. Koma nditafika nako muno, manja awa anakana. Ndine yani ine kuti nditsegule? Ndachezera kugwada, osatsegula, osabweza."

"Nanga Zakariya?"

Ntchentche inatera pamphumi pa wodwala, a Feliciana n'kuiingitsa.

"Pamene ankamumenya ndinali pakhomo apo. Mtima wina unkati, nena. Mtima wina unkati, mayi ake anakulanda mwamuna, musiye alaweko." Anapukuta m'maso ndi nsonga ya nsalu. "Mwana ameneyo ndi amene wakhala akuwatembenuza bambo akewa, kuwasambitsa, kuwachapira, ana anga obereka ndekha akuima pakhomo atagwira mphuno. Amanditchula amayi. Ndinamvera mtima wachiwiriwo, mwana wanga. Lembani choncho."

"Bwanji simunaitanitse a Padiri kuti adzawaone?"

"Abwere adzaone chiyani? Nyumba ya mitala? Anawaimitsa kale pamaso pa mpingo wonse. Ndikapemphenso kuti andikanize kachiwiri, ine wotsogolera amayi anzanga?"

Kunja kwa khoma kunamveka kutsokomola. Kenako mawu, olunjika kumene sanalunjikepo chiyambire.

"Amayi."

A Feliciana anauma thupi. Anakoka nsalu n'kudziphimba kumutu.

"Amayi, ndine Valentim. Pepani kuti ndikuyankhula. Munthu akakhala pafupi ndi imfa, a Padiri sakana. Amabwera, amamva kulapa kwake, amamupatsa. Anatiphunzitsa zimenezi ku mishoni. Ndakhala ndikudziwa chiyambire matendawa. Ndinkati mwina Zélia anena, mwina wina akuuzani. Ine ndikanayambira pati?"

A Feliciana ankalira mopanda mawu pansi pa nsalu, mapewa okha akugwedezeka. Akale anati manyazi anapha lambe, koma apa anali atatsala pang'ono kupha anthu awiri: wina pamphasa, wina m'chitokosi. Anthu oyandikana nyumba, omwera chitsime chimodzi, wina ali ndi funso, wina ali ndi yankho, pakati pawo pali ulemu wokhawokha.

Aurora ananyamula kachikho ndi mpango womwewo n'kutuluka nako. Valentim anakalandira atagwada, anakaika m'bokosi, n'kutseka. Kiyi anamumangirira ku kolona, ndipo mfundo anaimanga kawiri.

"Mukanditsitse ku positi ya polisi," anatero Aurora, "inu mupitirire ku mishoni. Mukanene zonse, za mwala zomwe. Musabwerere opanda a Padiri."

* * *

Galimoto ya ku boma inali isanafike. Aurora anatsegula chitokosi, ndipo kuwala kunagwera pa Zakariya, amene anali atakhala pakona atakumbatira maondo. Diso lija linali litatsekeratu.

"Yafika galimoto?" anafunsa.

"Tulukani, a Zakariya. Kachikho kapezeka. Mlandu mulibe." Anapatuka pakhomo kuti adutse. "Ndinakulakwirani. Sindinafunse bwino."

Zakariya sanasunthe.

"Kapezeka kuti?"

"Mukudziwa. Munali kuyanika bulangete."

"Ndinali kuyanika."

"Nanga bwanji simunanene? Akanakuphani anthu aja. Ku boma mukanakhala zaka."

"Ndikananena, mukanapita kukakatenga nthawi yomweyo." Anadzutsa mutu koyamba n'kumuyang'ana ndi diso limodzi lija. "Bambo alandira?"

Aurora anaona ngati pansi patseguke alowe.

"Ayi. Amayi aja anaopa kutsegula."

Zakariya anapumira m'mwamba.

"Ndiye mwafulumira kunditsegulira, mayi. Mukanawapatsako tsiku lina."

"A ministiro apita kukatenga a Padiri. Akuti kwa munthu wodwala chonchija sakana. Tiyeni ndikupezereni mota, mukafike bambo anu akadali moyo."

Anaimirira movutika, akugwira khoma, n'kutuluka. Padzuwa anaphethira, n'kuyang'ana msewu wofiira wopita kumudzi kuja. Anaponya phazi limodzi, n'kuima. Kenako anabwerera n'kudzakhala pansi pakhonde la positi, pafupi ndi chitseko chimene anali atangotulukamo.

"Bwanji nanga?" anafunsa Aurora.

"A Padiri akandipeza pakhomo paja, afunsa kuti uyu ndi mwana wa ndani. Akumbukira chimene anawaimitsira." Anapukuta magazi ouma pa mlomo. "Ndikhaleko pano, mayi, sindisokoneza. Akalandira, wina adzandiuze. Madzulo amafuna kutembenuzidwa, amayi okha sangathe."

Aurora anapisa dzanja m'thumba kufuna mpango woti amupatse, koma anakhudza loko wakale uja, wozizira, kambedza kake kali chiwongokere. Analowa mkati, natunga madzi m'kapu yake yomwe, n'kubwera kudzawapereka atagwada.